Ku Tete ndi mphwanga, sabata ya COSAFA

Lachiwiri, 1 Okutobala 2024. Domwe mpaka Matundo

Tadzuka tambala woyamba asanalire. Mlongo wanga anamangiratu katundu dzulo: kathumba ka kachewere kokapatsa otisunga, mtedza wokazinga, ndi mapepala a mwana wake atakulungidwa m'pulasitiki kawiri. Mwanayo, mphwanga, ali ndi zaka 16. Amasewera kumbuyo chakumanzere m'timu ya mpira ya anyamata imene ndimaphunzitsa pabwalo la sukulu ndikaweruka. Kalabu ina ya mumzinda wa Tete ikuyesa anyamata mkuja, ndipo ine malume wake ndi amene ndiyenera kumuperekeza. Amayi ake sanachulutse mawu. Angomugwira paphewa n'kunena kuti, "Ukamvere amalume ako, usakatayane nawo."

Ulendowu wagwera sabata imene mpikisano wa COSAFA, wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, wa anyamata osapitirira zaka 20 ukuchitikira ku Matola, pafupi ndi Maputo. Unayamba pa 26 Seputembala ndipo utha Loweruka likudzali. Nditamva kuti chaka chino uchitikira m'dziko lathu lomwe lino la Mozambique ndinayamba kusunga kandalama, kenako ndinakhala pansi n'kuwerengera bwino. Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi mtunda woposa makilomita 1,500, pamwamba pa msewu wathu wochokera kuno ku Angónia. Mu Disembala 2022, pamene wa osapitirira zaka 17 unali ku Lilongwe, ndinaoloka pa Calomue, kudutsa pa Dedza, kuonera mpira, kugona kwa msuweni wanga, mawa lake ndili pakhomo. Wa m'dziko la anzathu ndinaufika, wa m'dziko langa wandikanika. Ndalama zija ndi zimene zikutiyendetsa lero.

Pa Ulongwe tadikira minibasi, ija timati chapa, maola awiri ndi theka kuti idzaze. Kuzizira kunali kolasa m'mafupa, anyamata onyamula katundu akuotha moto wa makatoni. Paliponse mbendera za zipani ndi magalimoto a zimkuzamawu, poti zisankho ndi pa 9 mwezi uno. Talipira 500 meticais aliyense, ndipo kondakitala anafunanso 100 ya kathumba ka kachewere. Tagwirizana 50.

Msewu ukamatsika kuchoka kumapiri, dziko limasintha uli kuona. Minda ya kachewere ndi mitengo ya mapichesi imatha, pamabwera tchire louma, kenako milambe. Pofika pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, majuzi onse anali ali m'manja. Patsogolo pang'ono tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaigwira bwino galimoto, koma mtima wanga unagunda mpaka m'makutu, ndipo ndinapezeka nditagwira dzanja la mphwanga ngati kamwana ka mkalasi yoyamba. Tinakhala pansi pa mtengo pafupifupi ola. Mayi wina wopita ku Moatize anatigawira chinangwa chophika, osafunsa n'komwe kuti ndife ndani.

Ku Moatize fumbi la malasha lili pamasamba, pamadenga, ngakhale pamalaya a ana asukulu. Mphwanga anayesa kuwerenga mabogi a sitima ya malasha, ija imadutsa m'Malawi popita ku Nacala, koma chapa inakhota asanamalize. Titaoloka Revúbuè ndinamuuza kuti madzi amenewo achokera kumapiri a kwathu. Anayang'ana mtsinjewo mpaka unabisika.

Tagona ku Matundo kwa bambo anga aang'ono. Ndikulemba nditakhala pamkeka panja, chifukwa m'nyumba simukulowereka ndi kutentha.

Lachitatu, 2 Okutobala. Mumzinda

Lero linali tsiku la mapepala, ndipo latha popanda chogwira.

Mphwanga anabadwira kuchipatala cha tsidya la Malawi, chifukwa usiku umene amayi ake anadwala ndiko kunali kufupi. Ana ambiri a m'malire ali choncho. Anamulembetsa kuno ali kale ndi zaka zingapo. Chitupa cha unzika, chija timati BI, tinakajambulitsa miyezi yapitayo, koma mpaka lero tikungosunga kapepala kodikirira kaja timati talão, kamene kayamba kuthetheka m'mapindo. Ndinaganiza kuti poti tili mumzinda tifunse komwe chinaima.

Tinaoloka mlatho wa Samora Machel wapansi m'ma 5 koloko, Zambezi ali phee pansi pathu, amayi atayamba kale kuchapa m'mphepete. Pa ofesi tinapeza mzere utakhota kale pakona. Tinaima mpaka 11 koloko. Kenako wina anatuluka n'kunena kuti makina sakugwira, tibwere mawa. Mawa ndi tsiku loyesa anyamata, mkuja ndi holide. Sindinathe n'kukwiya komwe, dzuwa linali litandimwa mphamvu zonse. Mphwanga milomo inali itauma mbee. Mayi wogulitsa malambe oundana m'timapepala anamuyang'ana, n'kumupatsa awiri, n'kundiuza m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja kuti, "Mwana wa kumapiri uyu, musamuimike padzuwa." Ndinatulutsa ndalama, anakana ndi dzanja.

Masana tadya nsima ya mbuzi pa baraka ina, kanyumba kogulitsira zakudya ndi zakumwa, pafupi ndi msika, 150 meticais mbale imodzi. Mbuzi ya ku Tete ndi yoona, imakoma popanda zambiri, mchere ndi tsabola basi. Madzi akumwa ndiwo atidyera ndalama, mabotolo asanu tsiku limodzi.

Madzulo bambo aang'ono anatulutsa mipando, nkhani n'kukhala ya mpira. Iwo ndi a wailesi, sasiyana nayo. Anakumbutsa za Disembala 2020, pamene Mambinhas, timu ya dziko lathu ya osapitirira zaka 20, pansi pa mphunzitsi Dário Monteiro, anagonjetsa Namibia 1-0 mufainolo ku South Africa n'kutenga chikho cha COSAFA koyamba, zimene zinawapititsa kumpikisano wa Africa ku Mauritania chaka chotsatira. Mu 2022 anafikanso mufainolo ku Eswatini, Zambia n'kuwaposa ndi chigoli chimodzi. Akamafotokoza amachita ngati anali pabwalo pomwepo, pomwe zonse anamvera pakhonde lomweli.

Ine ndinawonjeza nkhani imene imandisowetsa tulo. Mu Novembala 2020, pa mpikisano wa osapitirira zaka 17, matimu anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anachotsedwa ataunika osewera ndi makina a MRI. Amaunika fupa la pamkono pafupi ndi dzanja, kuona ngati linamaliza kukula. Mmodzi akapezeka kuti wapitirira, timu yonse imabwerera kwawo. Anthu amathamangira kunena kuti ndi chinyengo, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma ine ndaphunzitsa ana amene tsiku lawo lobadwa linalembedwa moyerekeza, wolemba atangoyang'ana msinkhu. Mwana wotere sananame, sadziwa chabe. Mphwanga ali ndi mwayi, amayi ake anasunga kabuku ka kusikelo ka tsidya lija, tsiku lili lolembedwa ndi inki ya namwino. Kali m'pulasitiki muja.

"Amalume, nanga mawa akandifunsa BI?"

Ndinamuuza kuti agone, za mapepala ndi zanga. Koma ine sindinagone msanga. Ndikuopa kuti mwina ndamukweza mtima mwana wa mlongo wanga pachabe.

Lachinayi, 3 Okutobala. Pabwalo

Tinafika 6 koloko isanakwane. Bwalo lake ndi la dothi lofiira, lolimba ngati pansi pa nkhokwe, mizere yothira laimu. Anyamata analipo oposa 50, ambiri a mumzinda momwemo, akudziwana, akuseka m'Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Mphwanga anakhala yekha pamwala kumanga nsapato. Nsapato zimenezi tinagula pa kaunjika ku Ulongwe, zinamukulira pang'ono, ndiye kutsogolo amaikako nyuzipepala yofwinya. Ndinaona zala zake zikunjenjemera pomanga zingwe, anamasula n'kumanganso katatu.

Anamulowetsa gulu lachitatu, dzuwa litakwera kale. Mpira woyamba umene anamupatsa unadumpha padothi louma n'kumupita pansi pa phazi. Wina anaseka kunja. Wachiwiri anaumenya mwamantha n'kupatsa mdani. Ndinayang'ana pansi. Kwathu bwalo ndi lofewa, lotsetsereka, mpira umabwera mochedwa. Kuno umathamanga ngati wathawa moto.

Ndiye panabwera kamnyamata kothamanga kwambiri kumbali yake, kamene kanali katavutitsa aliyense m'mawa wonse. Kanamuyesa kunja, mphwanga sanagwe. Anabwerera nako pang'onopang'ono, mapewa ali chammbali monga timaphunzirira, kukakankhira kumzere mpaka malo anatha, kenako anaika phazi lamanzere n'kutenga mpira mwaukhondo, fumbi lili koboo. Sanauponye kutali. Anadzutsa mutu, anathamanga nawo mpaka kudutsa pakati, n'kuupinda kulowetsa m'bokosi. Wakutsogolo anaumenya ndi mutu, unapita pamwamba. Koma mphunzitsi wa kalabu, amene nthawi yonseyi anali akuyankhula ndi mnzake, anasiya kuyankhula. Kuchokera pamenepo mphwanga anasewera ngati ali kwathu. Ena atayamba kugwira m'mawondo iye anali akukwerabe ndi kutsika mzere wake. Mwana wokulira kukwera phiri ndi thumba la feteleza satha mpweya msanga.

Atamaliza, mphunzitsi uja anatiitana. Ndi bambo wofatsa, wa imvi pang'ono, Chinyanja amachiyankhula bwino ndithu. Anafunsa BI. Ndinatulutsa talão, kalata yobadwira ndi kabuku ka kusikelo. Anaziwerenga zonse mosathamanga, analemba dzina m'kope lake, n'kunena kuti popanda chitupa chenicheni sangamulembetse m'mipikisano, koma chikatuluka tibwere naye chaka chikamayamba, tidzakambenso za sukulu ndi kokhala. Kenako anandifunsa:

"Aphunzitsi, ku Angónia kuli ena ngati ameneyu?"

"Alipo, ena omuposa."

"Nanga tiwaona bwanji? Ife galimoto yokwera kumeneko tilibe."

Funso limeneli landikhala pamtima tsiku lonse. M'timu yanga muli mnyamata wapagolo amene ndikhulupirira kuti akanaima pabwalo la ku Matola sabata ino osachititsa manyazi dziko. Bambo ake sangapeze 500 meticais ya chapa, ndipo nyengo ino akukonza munda. Mphwanga wafika pano chifukwa ali ndi malume wolandira malipiro pamwezi. Timu ya dziko imasankhidwa mwa ana amene aonedwa, ndipo kuonedwa kumayamba ndi ndalama ya ulendo ndi kapepala. Luso lokha limathera kumunda, mwana akakwatira ali ndi zaka 19 nkhani yatha.

Mphwanga wadya nsima mitanda inayi madzulo ano. Chala chachikulu chatupa, mayi aang'ono amuthowa ndi madzi amchere.

Lachisanu, 4 Okutobala. Songo

Sindinakonzekere zobwera kuno. Mnansi wa bambo aang'ono amayendetsa kalole kokatenga kapenta ndi nsomba zouma za chicoa chakunyanja ya Cahora Bassa, ndipo atamva nkhani ya dzulo anati, "Mwanayu akaone bwalo lenileni, kwerani." Sanatilipiritse. Tinakhala kumbuyo pamasaka opanda kanthu onunkha nsomba, kukhota pa Matambo, kudutsa midzi ya milambe ndi mbuzi mpaka Chitima. Pamenepo tinakwera chapa yokwera phiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, phompho lili pambali, ndipo ndivomere kuti ndinatseka maso kangapo. Pamwamba mphepo ndi yozizirira, mphwanga anati kukununkhira kwathu.

Za damu sindilemba, munaliona pazithunzi. Ife tinalunjika kubwalo la União Desportiva do Songo, timu imene inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lathu, mu 2017, 2018 ndi 2022, n'kuchibweretsa m'chigawo chathu. Kwathu ambiri amaitsata chifukwa cha osewera ochokera ku Malawi, monga John Banda, amene mayina awo timawamva pa mawailesi a mbali zonse ziwiri. Kunalibe masewero. Tinaima pampanda. Bwalo lobiriwira, losalala, mizere yowongoka, maukonde oyera m'magolo. Mphwanga analowetsa zala m'waya n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Amalume, apa munthu ukagwa sutupuka." Zinandikhudza, chifukwa mawondo ake onse ndi zipsera.

Lero ndi tsiku lokumbukira mtendere umene unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ine mpira ndinauphunzirira tsidya la Dedza tili othawa nkhondo, mpira wa masanza womanga ndi luzi, magolo a miyala. Chichewa cholemba ndinaphunziranso komweko. Anzanga amene tinkasewera nawo, ena anali ndi miyendo yodabwitsa, koma nthawi imeneyo nkhani inali ya ufa ndi nandolo zolandira. Ndamufotokozera mphwanga tili pachapa yotsika. Anamvetsera, koma maso anali kumbuyo kuphiri.

Tabwerera usiku pamwamba pa masaka odzaza. Thupi lonse likuwawa. Uthenga wa ku Matola ndi wakuti Mambinhas mufainolo mulibe, mawa ndi South Africa ndi Zambia.

Loweruka, 5 Okutobala. Matundo

Fainolo taonera pafoni, pa baraka ina pafupi ndi pamene malole amaima asanalowe msewu wa ku Cassacatiza. Tinapeza madalaivala atatu a ku Zambia, awiri a ku Katete, mmodzi wa ku Chipata, atazungulira foni imodzi yotsamiritsa kubotolo. Nditapereka moni m'Chichewa anayankha onse pamodzi ngati abale, n'kusendera kutipatsa malo pabenchi. Mamega awo anali pafupi kutha, ndiye tinasonkherana, ine 50, iwo 100, mwini baraka n'kubwereka chaja. Posakhalitsa tinalipo anthu oposa khumi pa kagalasi kosaposa chikhatho, ana atakwera pamakreti kumbuyo.

Intaneti inali kudukaduka. Chithunzi chimaima wosewera ali m'malere, tonse n'kukhala chete kudikira, chikabwerera mpira uli kale mbali ina. Chigoli chimodzi sitinachione n'komwe, tinangoona manambala atasintha pakona. South Africa yapambana 2-0. Anyamata awo amasewera ngati anthu amene akhala limodzi zaka zambiri, aliyense akudziwa pamene mnzake aima asanayang'ane. Ndinamuuza mphwanga kuti asiye kutsata mpira, aziyang'ana wakumbuyo chakumanzere yekha, pamene akuima timu yake ikataya mpira. Anayang'anadi, nkhope ili pafupi ndi foni mpaka dalaivala wina anamukoka pang'ono kuti ena aone.

A ku Zambia sanadandaule kwambiri, chifukwa matimu onse awiri ofika mufainolo apita kumpikisano wa Africa chaka chamawa. Wa ku Chipata uja, bambo wamkulu thupi woseka mokweza, anayamba kukumbutsa za 2017, pamene Zambia inatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 pakwawo, kugonjetsa Senegal 2-0, muli Patson Daka, Enock Mwepu ndi Fashion Sakala. Anadziguguda pachifuwa kuti Fashion ndi mwana wa kwawo ku Chipata, wokulira kumudzi, woyankhula chiyankhulo chomwechi. Kenako anatembenukira kwa mphwanga.

"Iwe mwana, umasewera nambala chani?"

"Fili, bambo."

"Onetsa mwendo."

Mphwanga anakweza buluku mwamanyazi. Bamboyo anayang'ana zipsera zija, anagwedeza mutu, n'kupita kulole yake. Anabwera ndi zotchingira miyendo zakale, zapulasitiki, chimodzi chong'aluka pakona. Anati zinali za mwana wake amene anasiya mpira. Mphwanga analandira ndi manja awiri atagwada pang'ono, monga anamulerera amayi ake. Sitinafunsane mayina. Iwo anyamuka m'bandakucha kupita kumalire.

Ndawerenga zotsala m'thumba. Zikwana chapa ya anthu awiri ndi mpira umodzi wotchipa, ndikapanda kugula china chilichonse panjira.

Lamulungu, 6 Okutobala. Pobwerera

Mpira ndagula, wa 600 meticais, pamsika m'mawa. Mayi aang'ono atimangira nsomba zouma ndi masau ouma opatsa mlongo wanga. Bambo aang'ono asunga fotokope ya talão, ati azikafunsa ku ofesi kuja Lolemba lililonse zisankho zikadutsa.

Chapa ya lero inadzaza msanga. Mphwanga wagona njira yonse mutu uli paphewa langa, mpira ali nawo pamiyendo. Ine ndinatulutsa kope n'kuyamba kulemba mayina a anyamata a m'timu yanga, ndi kuika chizindikiro pa amene ndikudziwa kuti ali ndi kalata yobadwira. Mwa 18, ndapeza 7. Otsalawo ndiyenera kuyendera makolo awo mmodzimmodzi mvula isanagwe, chifukwa ikagwa sindidzapeza munthu pakhomo. Ndalembanso mayina a aphunzitsi anzanga a ku Ulongwe, Lifidzi ndi Tsangano amene ali ndi matimu. Tikasonkha tonse, mafuta a galimoto imodzi yochokera ku Tete sangatikanike, mphunzitsi wa imvi uja adzakhale pansi pa mtengo Loweruka limodzi aone ana onse pamodzi. Nambala yake ndili nayo.

Tadutsa Mussacama dzuwa likupendeka, majuzi n'kubwerera m'thupi. Pa Domwe tafika kuli mdima. Anyamata anayi a m'timu anali akudikira pasiteji ndi tochi ya foni, wapagolo uja ali patsogolo. Sanafunse za kalabu, anangolanda mpira n'kuyamba kuupapasa, kuununkhiza, kuugunda pansi. Mphwanga anawaonetsa zotchingira miyendo zija, zinayenda dzanja ndi dzanja. Ndawauza kuti mawa 4 koloko aliyense abwere ndi khasu, tiyambe tadula chulu chili pakona ya kumanzere chija tisanasewere.